Ndinasaina chikalata cha Scottish Socialist Party ku Glasgow: kodi ndadziika m'mavuto?

Funso la sabata ino lachokera kwa mayi wina wa ku Glasgow. Walemba motere:

"Zikomo bambo. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, koma pano ndili ku Glasgow ndi ana anga awiri, ndikugwira ntchito yosamalira okalamba. Loweruka lina ndikuweruka ndinapeza anthu ataika tebulo m'mbali mwa msewu, ali ndi mbendera zofiira, akusainitsa chikalata chofuna kuti malipiro a ife osamalira okalamba akwere. Ndinasaina. Atandipatsa nyuzipepala yawo m'pamene ndinaona kuti ndi a chipani cha Scottish Socialist Party, ndipo akufuna Scotland ichoke mu United Kingdom, ufumu uthe. Chisainireni mtima wanga suli m'malo. Kodi sindinalembetse dzina ku gulu loukira boma? Viza yanga siikhudzidwa? Komanso mnzanga wa kuntchito akuti chipanichi chinafa kalekale, kuchivotera n'kutaya voti. Zoona zake n'ziti?"

Mayi, khazikani mtima pansi. Dzina lanu pa chikalata chija silikuikani m'mavuto ndi boma, ndipo silikusandutsani membala wa chipani. Scottish Socialist Party, yomwe ambiri amangoti SSP, ndi chipani cholembetsedwa mwalamulo ku Electoral Commission, bungwe loyang'anira zisankho, monga zilili Labour ndi Conservative. Sichinagwirepo mfuti. Nkhani yoti Scotland idziimire payokha kuno si yonong'onezana kuseri kwa nyumba ayi. Pa riferendamu ya pa 18 Sepitembala 2014 anthu oposa 1.6 miliyoni anavotera zomwezo, m'mawa mwake aliyense n'kudzuka kupita kuntchito kwake. Mantha anuwo ndikuwamvetsa. Ife amene tinakula nthawi ya chipani chimodzi tinkati tikamva mawu oti ndale, tiyang'ane kaye kumbuyo, ndipo ngakhale amene anabadwa pambuyo pake anayamwira manthawo kwa makolo. Mantha otere amakwera nafe ndege. Mwachita bwino kufunsa.

Mnzanu wa kuntchitoyo walasa pena, pena waphonya. Ndakhala ndikutsatira ndi kuphunzitsa za zisankho za kuno kwa zaka zoposa 20, ndipo chipanichi ndinachiona chikukwera, ndinachionanso chikugwa. Kunena za mavoti, n'zoona kuti lero ndi chaching'ono kwambiri. Koma kunena kuti chinafa popanda kusiya kanthu n'kulakwa, chifukwa zina zomwe chinkamenyera inuyo mukudyerera osadziwa.

Pa ndale za kuno mudzamva kuti chipani chakuti n'cha kumanzere, chakuti n'cha kumanja. A kumanzere ndi amene amati boma ligwire mwamphamvu chuma pofuna kuteteza ogwira ntchito ndi osauka. SSP ili kumapeto kwenikweni kwa mbali imeneyo. Imafuna kuti magetsi, gasi, sitima za pamtunda, mabasi ndi nyumba zosungirako okalamba zikhale m'manja mwa anthu onse kudzera m'boma, olemera akhome msonkho wochuluka, zida za nyukiliya zichoke ku Faslane, doko la sitima zankhondo lomwe lili chakumadzulo kwa Glasgow, ndipo Scotland ikhale dziko palokha lopanda mfumu. Apa m'pomwe imasiyana ndi SNP, chipani chachikulu chofuna ufulu wodzilamulira, chomwe mu 2014 chinkati Scotland ikadziimira payokha isunge ufumu ndi ndalama ya paundi. Maganizo otere ku Glasgow si achilendo. Mukadzadutsa pa siteshoni ya Govan mudzaone chiboliboli cha Mary Barbour, mayi amene anatsogolera amayi anzake kukana kukwera kwa lendi mu 1915. Nthawi yomweyo kunali mphunzitsi John Maclean, amene anamwalira mu 1923 akulalikira za dziko la Scotland lolamulidwa ndi ogwira ntchito. A SSP amadziona ngati zidzukulu za anthu amenewa.

Koma chipanicho chinabadwira pa nkhani ya msonkho. Mu Epulo 1989 boma la Margaret Thatcher linayambitsa ku Scotland msonkho wa pamutu, chaka chathunthu lisanaupititse ku England ndi Wales. Munthu wamkulu aliyense m'khonsolo imodzi ankayenera kupereka ndalama yofanana, kaya ndi mwini fakitale kaya ndi wosesa mu fakitalemo. Amene munamva kwa agogo za msonkho wa nthawi ya atsamunda mukudziwa m'mene msonkho wotere umawawira. Anthu ambirimbiri anakana kulipira. Makhonsolo anatumiza masherifu, amene lamulo linkawalola kulowa m'nyumba ya munthu wangongole, kulemba katundu wake, kumuika mitengo, kenako kukamugulitsa pa okushoni.

Gogo wina amene ndinakhalapo naye moyandikana ku Pollok ankakonda kundisimbira za masiku amenewo tikumwa tiyi kukhitchini kwake. Ankati pafupi ndi telefoni yake pankakhala kapepala ka manambala asanu. Galimoto ya masherifu ikangooneka, woyamba kuiona ankaimbira anthu asanu, aliyense wa iwo n'kuimbiranso asanu ake. Masherifu pofika pakhomo ankapeza masitepe onse adzaza amayi, ena atanyamula ana, ena akadali ndi maapuloni, osatukwana, osamenya munthu, kungoima basi. Masherifuwo ankabwerera. Gogoyo sankadziwa zambiri za Marx kapena Trotsky, koma dzina la Tommy Sheridan ankalitchula ngati la mwana wake.

Sheridan anali mnyamata wa ku Pollok komweko, wa kagulu kotchedwa Militant komwe kanali m'kati mwa Labour, ndipo Labour inam'chotsa mu 1989 chifukwa cholimbikitsa anthu kusalipira msonkhowo. Mu 1991 khoti linamuletsa kupita pamalo pomwe pankagulitsidwira katundu wolandidwa, iye anapita n'kung'amba chiletsocho pamaso pa anthu. Anagamulidwa miyezi 6. Ali m'ndende ya Saughton ku Edinburgh mu 1992 anaima pa chisankho cha aphungu a ku London n'kukhala wachiwiri ku Pollok, ndipo mwezi wotsatira anapambana ukhansala wa ku Glasgow akadali m'chitokosi. Thatcher n'kuti atatula kale pansi udindo mu Novembala 1990, ndipo msonkho wa pamutu unalowedwa m'malo ndi msonkho wa khonsolo mu 1993. Timagulu ta sosholizimu tomwe tinakumana pa nkhondo imeneyi tinapanga mgwirizano wa Scottish Socialist Alliance mu 1996, ndipo mu 1998 mgwirizanowo unasanduka chipani cha SSP. Ambiri mwa atsogoleri ake poyamba sankaikira kumtima za ufulu wa Scotland. Chinawatembenuza n'chakuti kwa zaka 18 Scotland inkalamulidwa ndi boma la Conservative lomwe anthu ake ambiri sankalivotera, ndiye anafika poganiza kuti sosholizimu siingadutse pa chipata cha London.

Kuti mumvetse chifukwa chomwe kachipani kotere kanalowera m'nyumba ya malamulo, muyenera kudziwa kavotedwe ka kuno, chifukwa n'kosiyana ndi ka kwathu. Kumudzi phungu ndi amene wapeza mavoti ambiri m'dera lake, ena onse manja lende. Nyumba ya malamulo ya ku Edinburgh, yomwe inayamba mu 1999, ili ndi aphungu 129. Mwa amenewa 73 amasankhidwa monga kwathu, koma 56 amachokera pa mndandanda wa zipani m'zigawo 8, chigawo chilichonse aphungu 7. Mumalandira mapepala awiri: lina la phungu wa dera, lina la chipani m'chigawo. Pogawa mipando ya m'chigawo, mavoti a chipani chilichonse amagawidwa ndi chiwerengero cha mipando yomwe chapeza kale, kuonjezerapo 1. Mu 1999 Labour inasesa madera onse 10 a ku Glasgow, choncho mavoti ake a pepala lachiwiri anagawidwa ndi 11, n'kutsala ochepa zedi. Zipani zing'onozing'ono zinapeza mpata. SSP inapeza pafupifupi 7 peresenti ku Glasgow, ndipo Sheridan analowa m'nyumbamo, akulumbira atakweza chibakera m'mwamba. Scotland yonse chipanicho chinapeza 2 peresenti yokha.

Phungu mmodzi yekhayo anachita chinthu chomwe mpaka pano ndimachiwerengera ngati ntchito yaikulu ya chipanichi. Anabweretsa bilu yothetsa mchitidwe uja wolanda ndi kugulitsa katundu wa m'nyumba za angongole, mothandizana ndi Alex Neil wa SNP ndi John McAllion wa Labour. Boma la nthawiyo, la Labour ndi Liberal Democrats, silinkaifuna. Koma mu Epulo 2000 aphungu wamba a Labour, amene ankadziwa zomwe masherifu ankachita m'madera mwawo, anakana kumvera atsogoleri awo, boma n'kubwerera m'mbuyo. Biluyo inakhala lamulo mu 2001, ngakhale boma linachedwetsa tsiku loti liyambe kugwira ntchito.

Chaka cha 2003 ndiye chinali chaka chawo. Chisankho chinachitika pa 1 Meyi, patangotha masabata ochepa nkhondo ya ku Iraq itayamba, anthu ambiri a Labour ali okwiya ndi Tony Blair. SSP inapeza mavoti pafupifupi 128,000 pa pepala lachiwiri, omwe ndi 6.7 peresenti, ndipo ku Glasgow inafika pafupifupi 15 peresenti. Aphungu anakwana 6: Sheridan ndi Rosie Kane ku Glasgow, Colin Fox ku Lothians, Frances Curran ku West of Scotland, Carolyn Leckie ku Central Scotland ndi Rosemary Byrne ku South of Scotland. Anayi mwa iwo anali amayi. Leckie anali mzamba komanso mtsogoleri wa yuniyoni ya Unison m'zipatala za ku Glasgow, Byrne anali mphunzitsi. Kane polumbira analemba pa chikhatho chake kuti lumbiro lake n'la kwa anthu. Onse anagwirizana zoti azitenga malipiro ofanana ndi a munthu wa ntchito yaluso, zotsalazo azipereka ku chipani, ndipo izi zinkakopa anthu kuposa zolankhula zawo. Mamembala anafika pafupifupi 3,000. Nthambi za ku Scotland za yuniyoni ya ogwira ntchito za sitima, RMT, zinayamba kuthandiza SSP, mpaka Labour inachotsa yuniyoniyo m'chipani mu 2004. Kwa ife obwera, ndimakumbukira kuti Kane anatenga mayi wina wa ku Africa ndi mwana wake, amene ankasungidwa ku Dungavel, malo otsekeramo olowa m'dziko, podikira kubwezedwa kwawo, n'kukakhala nawo kunyumba kwake. Ndi aphungu ochepa amene akanachita zotere.

Kugwa kwake kunayambira m'nyumba momwemo. Chakumapeto kwa 2004 nyuzipepala ya News of the World inayamba kulemba za moyo wamseri wa Sheridan, kuti anali ndi zibwenzi kunja kwa banja ndiponso kuti ankapita ku kalabu ya zachiwerewere ku Manchester. Komiti yaikulu ya chipani inakumana pa 9 Novembala 2004, ndipo patangopita masiku ochepa iye anatula pansi udindo wa mtsogoleri. Colin Fox analowa m'malo mwake kumayambiriro kwa 2005. Sheridan anasumira nyuzipepalayo mlandu woipitsa mbiri. Apa m'pomwe panavuta, chifukwa khoti linafuna maminitsi a msonkhano uja. Alan McCombes, mmodzi wa oyambitsa chipani, anakana kuwapereka mpaka anatsekeredwa masiku angapo mu 2006. Mlandu utayamba, akuluakulu ambiri a chipani anaitanidwa, ndipo atalumbira ananena kuti pa msonkhanowo Sheridan anavomera kuti anapitadi ku kalabuko. Iye anati akunama, akum'konzera chiwembu, ndipo ena a m'komiti anaikira kumbuyo iyeyo. Mu Ogasiti 2006 oweruza wamba, 7 kwa 4, anakomera Sheridan n'kugamula kuti alandire mapaundi 200,000. Atapambana anatchula anzake akale aja dzina lonyoza lomwe kuno amapatsa munthu wopita kuntchito anzake ali pa sitalaka. Kwa anthu a yuniyoni palibe chitonzo choposa chimenecho. Mwezi wotsatira iye ndi Rosemary Byrne anachoka n'kuyambitsa chipani cha Solidarity.

Nkhaniyo sinathere pomwepo. Poti mboni zinatsutsana zitalumbira, apolisi anafufuza, ndipo mu Disembala 2010 Sheridan anapezeka wolakwa pa mlandu wonama m'khoti. Anagamulidwa zaka 3, n'kukhalamo pafupifupi chaka chimodzi. Iye wakhala akunenabe kuti sanalakwe. Nyuzipepala ija nayo inatsekedwa mu Julayi 2011 chifukwa cha mchitidwe wobera mauthenga a m'mafoni a anthu. Ndikudziwa anthu amene anaimapo limodzi pakhomo la munthu kutchinga masherifu, koma kuyambira 2006 sapatsana moni.

Pa chisankho cha 2007 zotsatira zinali zomvetsa chisoni. SSP inapeza mavoti pafupifupi 13,000, omwe ndi 0.6 peresenti, Solidarity pafupifupi 31,000. Zonse ziwiri zinatuluka m'nyumba ya malamulo opanda mpando ndi umodzi womwe. Paja amati mapanga awiri avumbwitsa. SSP inangotsala ndi khansala mmodzi, Jim Bollan, ku West Dunbartonshire. Komabe ine sindigwirizana ndi amene amati mlandu wa Sheridan wokha ndiwo unapha chipanichi. Mukaphatikiza mavoti a zipani ziwirizo mupeza pafupifupi 44,000, kutalitali ndi 128,000 ya 2003. A chipani cha Green, amene analibe mlandu uliwonse, nawonso anatsika kuchoka pa aphungu 7 kufika pa 2. Chinachitika n'chakuti kwa nthawi yoyamba anthu anaona kuti SNP ikhoza kugwetsa Labour, ndipo inaigwetsadi ndi mpando umodzi, 47 kwa 46. Pa mpikisano wothinana chonchi munthu saponya voti yake pa kachipani kakang'ono. SNP inali itatolanso mfundo zina zomwe SSP inkadziwika nazo. Mlandu uja unathyola chipani msana pa nthawi yomwe mphepo inali itayamba kale kuomba mbali ina.

Chomwe mlanduwo unaonetsa poyera n'chakuti chipani chinatsamira kwambiri pa munthu mmodzi. Ankadzitcha chipani cha anthu wamba, koma kwa ovota ambiri chinali chipani cha Tommy, ndipo poyamba dzina lake linkalembedwa pa pepala lovotera pambali pa dzina la chipani. Ife a ku Malawi izi si zachilendo. AFORD inali ndi aphungu 36 mu 1994, koma pofika 2004 inatsala ndi 6, mikangano yozungulira mtsogoleri wake itaigawa.

Kuchokera pamenepo mbiri ya mavoti ndi yaifupi. Mu 2011 inapeza pafupifupi 8,000, omwe ndi 0.4 peresenti. Kampeni ya riferendamu ya 2014 inaipatsako moyo: Colin Fox anali m'komiti yolangiza gulu la Yes Scotland, ndipo anthu a SSP anayenda khomo ndi khomo m'madera osauka kulembetsa anthu amene anali asanavotepo. Scotland yonse inakana ndi 55 peresenti kwa 45, koma Glasgow, Dundee, North Lanarkshire ndi West Dunbartonshire zinavomera. Anthu atsopano analowa SSP, koma khamu lalikulu linathamangira ku SNP, yomwe mamembala ake anachoka pa 25,000 n'kupitirira 100,000, ndipo mu 2015 inatenga mipando 56 mwa 59 ya Scotland ku London. Mu 2016 SSP inaima pansi pa mgwirizano wotchedwa RISE, womwe unapeza theka la peresenti, opanda mpando. Chaka chomwecho khansala wawo uja anachoka m'chipani. Mu 2021 sichinaime n'komwe. Pa zisankho zachibwereza ndi m'madera ochepa omwe chaimako m'zaka zaposachedwa, mavoti ake akhala mazana ochepa.

Tsono taonani mbali inayi. Mukapita ku famase ndi pepala la dokotala kuno simulipira kalikonse, pomwe ku England amalipira pafupifupi mapaundi 10 pa mankhwala aliwonse. Bilu yothetsa malipiro amenewo anaibweretsa ndi Colin Fox, inagonja mu 2006, ndipo boma la SNP linadzachita zomwezo mu Epulo 2011. Ngati ana anu ali pakati pa Primary 1 ndi Primary 5, amadya nkhomaliro yaulere kusukulu. SSP inabweretsa bilu ya chakudya chaulere kwa ana onse, inakanidwa mu 2002, koma mu 2015 boma linayamba ndi makalasi atatu oyambirira, kenako n'kuonjezera. Mu 2007 a SSP ankasekedwa akamati mabasi akhale aulere, koma kuyambira Januwale 2022 aliyense wosakwana zaka 22 amakwera ulere, ngakhale apa amene anakankha kwambiri ndi a Green. Sindikunena kuti zonsezi ndi SSP yokha, chifukwa mayuniyoni, mipingo ndi mabungwe olimbana ndi umphawi anali momwemo. Koma ndi iwo amene anayamba kuzilemba ngati mabilu pa nthawi yomwe zipani zazikulu zinkati n'zosatheka. Pomwe analephereratu ndi pa msonkho wa khonsolo. Ankafuna ulowedwe m'malo ndi msonkho wotengera zomwe munthu amapeza, bilu yawo inagonja mu 2006, SNP inalonjeza mu 2007 kuti iuthetsa, koma mpaka lero kalata yake imakupezani pakhomo.

Tibwere kwa inu. Pali zinthu zitatu zomwe musaziphatikize: kusaina chikalata, kuvota, ndi kulowa chipani. Choyambacho mwachita kale ndipo chathera pomwepo. Mwina adzakuimbirani kapena kukutumizirani uthenga kukuitanani ku msonkhano. Ngati simukufuna, auzeni afufute nambala yanu, lamulo loteteza mbiri za anthu limawakakamiza kutero.

Za kuvota, dziwani kuti ufuluwo muli nawo. Nzika ya Malawi, pokhala ya dziko la Commonwealth, ngati ili ndi chilolezo chokhala kuno ikhoza kuvota pa zisankho zonse, za ku London zomwe. Kuyambira 2020 pa zisankho za nyumba ya malamulo ya Scotland ndi za makhonsolo, mlendo aliyense wokhala mwalamulo amavota, kuyambira zaka 16. Amene akudikirabe yankho la pempho lothawa kwawo ndiwo sanaloledwe. Muyenera kulembetsa kaye ku ofesi ya kalembera wa zisankho ya khonsolo yanu, ndipo polembetsapo mukhoza kusankha kuti dzina lanu lisaikidwe m'kaundula amene amagulitsidwa kwa amalonda. Voti ndi yachinsinsi. Bwana wanu kapena a Home Office, unduna wopereka maviza, sangadziwe komwe mwachonga.

Nanga n'kutaya voti? Zitengera chisankho chake ndi chomwe mukufuna voti yanu ichite. Pa chisankho cha ku London ndi pa pepala la phungu wa dera, SSP ilibe mwayi wopambana, ndipo nthawi zambiri simudzaipeza n'komwe pa pepalapo. Pa pepala lachiwiri chipani chimafunika 5 kapena 6 peresenti m'chigawo kuti chipeze mpando, ndipo SSP yakhala pansi pa 1 peresenti kuyambira 2007. Ngati cholinga chanu n'kutumiza munthu ku Edinburgh, mnzanu uja akunena zoona. Ngati cholinga n'kuonetsa zipani zazikulu kuti pali anthu amene akufuna zoposa zomwe akupatsidwa, voti yotere imawerengedwa, ndipo zipani zimayang'ana komwe mavoti akuthawira. Pa chisankho cha makhansala ndiye palibe chodandaula, chifukwa kuyambira 2007 mumalemba manambala, 1, 2, 3, motsatira amene mwam'konda. Woyamba wanu akagwa, voti yanu imasamukira kwa wachiwiri. Ine maganizo anga ndi akuti musasankhe chifukwa chokomedwa ndi anthu a patebulo aja, kapena chifukwa choopa mbendera yofiira. Afunseni mafunso ovuta: ndalama zogulira makampani a magetsi zichokera kuti, Scotland yodziimira payokha idzagwiritsa ntchito ndalama yanji, nanga mudzafika bwanji pa ufuluwo poti mu Novembala 2022 khoti lalikulu la United Kingdom linagamula kuti Edinburgh singaitanitse riferendamu popanda chilolezo cha London? Mafunso omwewo mukafunsenso a zipani zina.

Kulowa chipani nakonso n'kololedwa, ndipo pakokha sikukhudza viza. Pomwe ndikuchenjezeni ndi apa. Chipanichi chili ndi mwambo wophwanya lamulo mwadala pa zionetsero, monga kukhala pansi kutseka chipata cha ku Faslane, ndipo aphungu ake ena anamangidwapo n'kulowa m'ndende chifukwa chokana kulipira faindi. Mwini dziko akhoza kusankha njira imeneyo n'kutuluka ali ngwazi. Inu muli pa viza yomangirira kwa olemba ntchito, ntchito yanu imafuna mbiri yoyera ku Disclosure Scotland, ofesi yofufuza ngati munthu anapalamulapo mlandu, ndi ku bungwe lolembetsa osamalira anthu la SSSC, ndipo tsiku lina mudzapempha chilolezo chokhazikika kapena unzika, komwe amayang'ana ngati munapezekapo ndi mlandu. Kuyenda pa chionetsero chololedwa palibe vuto. Koma apolisi akati balalikani, inu nyamukani, ndipo musalole wina akukokereni kutseka msewu kapena chipata. Musanyamulenso chikwangwani chomwe simunachiwerenge, chifukwa boma lili ndi mndandanda wa magulu oletsedwa omwe kuwaonetsa chikondi poyera ndi mlandu. SSP simo m'mndandandawo, koma pa chionetsero chachikulu pamabwera anthu a mitundumitundu.

Ndaonanso kuti chinakukokerani patebulo paja si ufumu kapena mbendera, koma malipiro. Ngati vuto lenileni ndi limenelo, kaya maola osalipidwa poyenda kuchoka kwa wokalamba wina kupita kwa wina, kaya kudulidwa ndalama mosadziwika bwino, kaya kuopsezedwa kuti mukadandaula akuchotserani viza, chipani chilichonse sichingakuthandizeni msanga ngati yuniyoni. Unison, GMB ndi Unite zonse zili ndi mamembala osamalira okalamba, kulowa ndi ufulu wanu ngakhale muli pa viza, ndipo bwana saloledwa kukulangani chifukwa cholowa. Lowani mavuto asanafike, chifukwa mayuniyoni ambiri sathandiza pa nkhani yomwe inayamba munthu asanakhale membala. Sungani mapepala a malipiro ndi kabuku kolembamo maola anu tsiku ndi tsiku.

Mukafuna kutsimikiza za kulembetsa kuvota, pitani ku ofesi ya kalembera wa zisankho kapena ku Citizens Advice ya m'dera lanu, thandizo lake ndi laulere. Ngati zitachitika kuti apolisi akulembani dzina pa chionetsero, akupatsani chenjezo, kapena mwalandira kalata ya ku Home Office yomwe simukuimvetsa, musadalire malangizo a pa gulu la WhatsApp kapena a anthu a chipani. Onanani ndi loya wa nkhani za olowa m'dziko, kapena mlangizi wovomerezeka ndi boma, musanasaine kapena kuyankha chilichonse.